Tsiku Limene Ndinakayeza Chimphona cha ku Bangwe

Mlomo wanga wam'mwambawu uli ndi kachipsera, ndipo anthu akandifunsa ndimangoti ndi za kalekale. Si za kalekale ayi. Ndi za chaka chathachi, ndipo amene anandivulaza ndine ndemwe, ndi dzanja langa lamanjali, anthu oposa khumi akuonerera. Ndaganiza zoulula ndekha nkhaniyi isanakupezeni kudzera kwa akazi anga, chifukwa iwo akamaifotokoza amathira tsabola wambiri.

Ine ndine telala. Ndimasoka pakhonde la sitolo ina ku Ndirande, kufupi ndi msika, ndipo ndakhalitsapo moti ana amene ndinawasokera yunifolomu ya sitandade wani pano akundibweretsera ana awo. Pa ntchito yathuyi manja ndi mapazi ndiye amatanganidwa, pakamwa pamangokhala. Ndiye mukudziwa zimene pakamwa pamachita pakasowa ntchito. Panga panasankha nkhani za nkhonya.

Chiyambi chake n'chakuti ndili mnyamata ndinasokerapo kabudula munthu wina woponya nkhonya wa ku Chilomoni. Pondithokoza ananditenga tsiku la masewero ake, n'kundipatsa thaulo ndi chidebe cha madzi kuti ndimugwirire pakona. Nkhonya zanga zonse ndi zimenezo basi. (Munthuyo anagwa mu raundi yachiwiri, moti ngakhale madziwo sanamwe.) Koma nkhani ili ngati lasitiki wa m'kabudula, ikamakalamba imatamuka. Poyamba ndinkanena kuti ndinali pakona. Kenako ndinayamba kunena kuti ndinkamulangiza. Patapita zaka ndinangodzimva ndikunena kuti nanenso ndinkaponya, kungoti ndinasiya chifukwa cha phewa, ndipo pofotokozapo ndinkalisisita phewalo. Anyamata a kabaza ndi ometa tsitsi apafupi anazolowera kubwera Lolemba kudzamva ndemanga zanga pa nkhonya zimene taonera pa kanema kumapeto a sabata, mpaka anandipatsa dzina loti Pulofesa. Amene ankadziwa zoona ndi akazi anga okha, poti nthawi ya chidebe ija n'kuti tili kale pachibwenzi.

Tsiku lina pakati pa sabata kunabwera kasitomala wanga wakale, amake Domingo. Mayiwa kwawo ndi ku Nsanje, amagulitsa nsomba zouma mumsika, amuna awo anamwalira kalekale, ndipo kolona sachoka m'khosi mwawo. Anabwera ndi nsalu yoti ndipinde m'mphepete, koma ndinaona kuti nsaluyo chinali chonamizira chabe, chifukwa nditamaliza anakhalabe pabenchi, akuipinda n'kuipindulanso.

Kenako anayamba kufotokoza. Mwana wawo woyamba, Domingo, amakhala ku Bangwe ndi amalume ake, ndipo amagwira ntchito pa holoselo ina ku Limbe, kunyamula mabelo a shuga ndi matumba a mchere. Ine ndinali ndisanamuonepo. Mnyamatayo anayamba nkhonya zaka zingapo zapitazo, m'gulu la zimphona lija amati heviweti, ndipo onse amene anakumana nawo akuti anagona pansi. Tsopano kunabwera bambo wina wa suti, wokonza masewero a nkhonya, kudzamuuza kuti asiye ntchito, azidya za nkhonya basi, ndipo ayambe n'kumenyana ndi munthu wina wa ku Zambia amene wakhala mu ring'i zaka zambiri. Domingo mtima unali utapita kale, ankangodikira mawu a mayi ake. Mayiwo tulo sankatiwona. Ntchito ya ku holoselo ndi imene inkathandiza azichemwali ake kusukulu, komanso kwawo ku Nsanje anaonapo munthu amene ankaponya nkhonya ali mnyamata, lero amalankhula ngati waledzera pamene sanalawe ngakhale thobwa.

Ndinawafunsa kuti nanga kochi wake akuti chiyani. Anati sanalankhule naye ndipo sakufuna, chifukwa iwo ndi ogulitsa nsomba, akudziwa kuti palibe wamalonda amene amanena kuti katundu wake wayamba fungo.

"Inu a telala, anthu akuti munali katswiri," anatero. "Mukandionereko mwanayu. Mukati ali bwino, ndimulola. Mukati ayi, ndikana, ngakhale andikwiyire chaka chonse."

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanaulula. Ine ndinasisita phewa n'kunena kuti Loweruka ndili ndi mpata.

Nditafika kunyumba ndinapeza akazi anga akusankha nyemba pakhonde. Anamvetsera nkhani yonse osadzutsa mutu, kenako anandifunsa ngati chidebe nditenga changa kapena kumeneko ali nacho. Nditakwiya, anaika lichero pansi n'kundiuza mofatsa kuti uwu ndi moyo wa mwana wa eni, si macheza a pakhonde. Ndinawayankha kuti telala amalidziwa thupi la munthu kuposa dokotala, chifukwa dokotala amaona odwala okhaokha pamene ine ndimayeza amoyo. Anatolanso lichero lawo.

Loweruka ndinadzikonza. Ndinabwereka jekete lamasewero la mwana wanga, ndinavala thalauza langa lakuda limene ndinasoka ndekha nthawi imene mimba inali isanayambe kundipitirira, tepi m'khosi, kope langa lolembamo miyezo m'thumba. Magalasi ndinawasiya dala pa tebulo, poti ndinali ndisanaonepo katswiri wa nkhonya wovala magalasi. (Ndikuuzeniretu kuti popanda magalasi, munthu akaima patali pang'ono ndimangodziwa kuti ndi munthu, zinazo ndimachita kuganizira.) Amake Domingo anati ayambe agulitsako kaye, andipeza komweko. Ndinakwera minibasi ya ku Limbe, kenako ya ku Bangwe, n'kutsika pamene anandiuza: ndikaona chigayo, ndizungulire kuseri.

Malo ophunzirira nkhonyawo chinali chishedi cha malata chimene kale ankasungiramo madeya, ndipo matumba ena a madeyawo anali adakali ounjikidwa mbali imodzi. Ku mitanda kunali kulendewera matumba a tenti odzaza mchenga ndi utuchi. Zonyamula zake zinali zitini za penti zothiridwa simenti, zolumikizidwa ndi paipi. Pakati panali mapolo anayi ozunguliridwa ndi zingwe, imeneyo ndiye inali ring'i. Mkati monse munkamveka thukuta ndi gaga.

Anandilandira kochi, a Chikopa, kamdala kakafupi, kowonda, mphuno yophwatalala, makutu okhuthala ngati bowa, kolankhula motsitsa mawu. Ndinadziwonetsa kuti ndine Pulofesa wa ku Ndirande, ndatumidwa ndi a kubanja kudzamuona heviweti wawo. Anagwedeza mutu n'kundifunsa kumene ndinkaponyera nkhonya masiku anga. Ndinati konsekonse. Anayang'ana mphuno yanga, imene ili yowongoka ngati pensulo yatsopano. Atayamba kuloza kuti andionetse Domingo, ndinawadula.

"Musavutike, akulu. Ndamuona kale. Diso ili silifuna kulozeredwa."

Pakona panali chimunthu. Ndikati chimunthu mundimvetse. Chinavala chijuzi chokhala ndi chipewa chake, chinkakwera pa tayala n'kutsika, kukwera n'kutsika, thukuta lili kamukamu. Ndinavula jekete n'kupatsira munthu wina amene anakhala pansi pafupi ndi khomo akukulunga nsalu m'manja, osamuyang'ana n'komwe, n'kulunjika kwa chimunthu chija. Ndinachiuza kuti chiime mowongoka. Chinamvera.

Ndinayamba ndi chifuwa. Tepi inatsala pang'ono kutha. Ndinalemba m'kope. Ndinayeza khosi, mkono, ntchafu. Nditafika pamimba ndinachita kupempha kuti andigwirire nsonga ya tepi ine ndizungulire wapansi. Anthu onse anali atasiya zimene ankachita n'kutizungulira, ndipo ine ndikaona gulu pakamwa pamatseguka pokha. Ndinawafotokozera kuti anthu osadziwa amanyoza mimba, koma ku heviweti mimba ndi chishango, chibakera chikalowamo chimasochera. Khosi ili, ndinatero ndikulimenyamenya, ndi mtondo weniweni. Kenako ndinamuuza kuti amenye thumba. Anamenya katatu n'kuyamba kupuma ngati injini ya chigayo ikamazima. Ndinawauza anthu kuti akatswiri amapuma choncho, amatulutsiratu mpweya woipa.

Munthuyo anamwetulira mpaka m'makutu. Anati chiyambire palibe amene anamuyamikirapo chonchi, akazi ake amangomunena tsiku ndi tsiku. Mawu oti akazi akewo anayenera kundidzutsa, chifukwa amake Domingo sanatchulepo za mpongozi. Ine m'malo mwake ndinamufunsa za kadyedwe. Anati a chipatala anamuletsa mchere, mafuta ndi kanyenya. Ndinamuyamikira chifukwa cha mwambo wake.

Amake Domingo analowa ine nditanyamula mkono wa munthuyo m'mwamba, monga amachitira oimbira masewero akamalengeza wopambana.

"Mayi, mtima m'malo," ndinatero. "Mwana wanuyu ndi mkango. Wa ku Zambia uja atsanzikiretu abale ake."

Mayiwo anayang'ana ine, n'kuyang'ana munthuyo, n'kuyang'ananso ine.

"A telala, bambo awa ndi aakulu kuposa ine."

Munthu uja anavula chipewa cha juzi lake. Panali dazi, m'mbalimu imvi. Anali a Bonifasi, eni chigayo ndi chishedi chomwecho, amene ankabwera masana alionse kudzakwera tayala chifukwa a chipatala anawauza kuti bipi yawo ikufuna achepetse thupi. Palibe anaseka mokweza. Ndinangomva anthu akutsokomola mbali zonse, wina n'kutuluka panja mothamanga. Ine ndinatseka kope langa mwaulemu n'kunena kuti miyezo imeneyo inali yongofuna kuyerekezera.

A Chikopa anaitana Domingo. Amene anadzuka anali munthu uja ndinamupatsira jekete. Anadzuka, n'kumadzukabe, ine khosi n'kumapendekera kumbuyo. Anali wamtali kuposa chitseko cha chishedicho, mapewa otambalala, mimba yopanda kanthu ngati thabwa. Anandipatsa moni ndi manja awiri atapinda mawondo pang'ono, jekete langa atalipinda bwinobwino pamkono. Mawu ake anali aang'ono, amanyazi, osagwirizana ndi thupilo.

Kochi anamuuza kuti ayambe ndi thumba. Chibakera choyamba chitafika, malata onse analira, fumbi la gaga n'kuyamba kugwa kuchokera ku mitanda ngati mvula yowaza. Thumba limene a Bonifasi ankalisisita lija tsopano linkapindika pakati. Kenako anamulowetsa mu ring'i ndi mnzake wina wamkulu thupi, mlonda wa ku Kanjedza, atavala zoteteza kumutu. Anazungulirana maraundi awiri. Ine zimene ndinkaona ndi zithunzithunzi ziwiri zikukumana n'kusiyana, komanso ndinkamva mlondayo akubuula. Atamaliza, maso onse anatembenukira kwa ine, ndipo a mayi aja ndiye ankandiyang'ana ngati ndanyamula zotsatira za ku chipatala.

Ndinayenera kunena kanthu. M'mutu munabwera mawu amene ndimawamva kawirikawiri kwa aulutsi a pa kanema, ndipo ndinawatula momwemo: mnyamatayu mphamvu ali nazo, koma akamaponya lamanja amatsitsa lamanzere, nkhope n'kukhala pamtetete.

Kenako a Chikopa anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Zoona zimenezo," anatero. "Ndakhala ndikumuuza miyezi yambiri, sakumva."

Abale anga, mwayi wa munthu wabodza ndi woopsa kuposa tsoka lake. Ndikanakhala kuti ndinatenga jekete langa pomwepo n'kutsanzika, bwenzi lero ndikuyenda ndi ulemu ku Bangwe konse. Akuluakulu anati ukatambatamba uziyang'ana kum'mawa, kungakuchere. Ine sindinayang'ane kulikonse. Ndinamva chifuwa chikufufuma, phewa lija n'kupola lokha, ndipo ndinapempha kuti andipatse mapadi, timapilo tija mphunzitsi amavala m'manja kuti wophunzira azimenyapo. Ndinati ndikufuna ndimuonetse mwanayu pamene pali khomo.

A Chikopa anandifunsa kawiri ngati ndinagwirapo mapadi. Kachiwiriko anawonjezera kuti ndiwaike kutali ndi nkhope, chigongono ndilimbitse. Ndinawayankha kuti ine mapadi ndinayamba kugwira ena asanamere mano. Domingo anakana, anati sangaponye chibakera kwa kholo. Amake anati zingotha, zimene aona zakwana. A Bonifasi okha ndi amene ankandiwombera m'manja, poti kwa iwo ndinali ndidakali munthu wamkulu kwambiri. Ndinakakamira. Ndinamuuza mnyamatayo kuti aponye lamanja pa padi yanga, ine ndimugwira tsaya ndi inayo kuti amve yekha pamene watsegula.

Choyamba anaponya ngati akugogoda pakhomo pa apongozi. Ndinanyang'ama n'kumugwira tsaya. Anthu anawomba m'manja. Chachiwiri chinali ndi kamphamvu pang'ono, mkono unachita dzanzi mpaka m'khosi, koma ndinamwetulira.

"Kodi ukupapasa tomato pamsika?" ndinamufunsa. "Ponya, mwana iwe. Ndaona zambiri ine."

Domingo anayang'ana kochi wake. A Chikopa anapuma mozama n'kumuuza kuti aponye ndi theka lokha la mphamvu zake.

Zimene zinachitika ndinachita kuuzidwa pambuyo pake. Akuti pofuna kuonetsetsa bwino, poti maso anga mukuwadziwa, ndinasendera pafupi n'kubweretsa padi ija patsogolo penipeni pa nkhope yanga, n'kumasuzumira pamwamba pake. Ine chimene ndikukumbukira ndi phokoso ngati tayala la minibasi laphulika. Domingo sanandikhudze ngakhale pang'ono, ndipo izi ndikufuna zidziwike. Anamenya padi, pamalo pake penipeni. Padiyo, pamodzi ndi dzanja langa limene linali mkatimo, ndi imene inabwerera n'kudzandipeza pakamwa. Miyendo inayamba ulendo wobwerera m'mbuyo osandifunsa, chingwe cha ring'i chinandikola kuseri kwa mawondo, ndipo ndinadutsa pakati pa zingwezo n'kukagwera chagada pa matumba a madeya. Thumba limodzi linaphulika. Ndili m'malere ndinamvanso phokoso lachiwiri, limene telala aliyense amalizindikira ngakhale ali mtulo. Unali msoko wa thalauza langa, kuyambira pa lamba kumbuyo mpaka kutsikira kumene sindingatchule.

Ndinagona pamenepo ndikuona nyenyezi masanasana. Woyamba kufika anali Domingo. Anandinyamula ngati belo la shuga, akungobwereza kuti pepani bambo, pepani bambo. Amake anali atagwira kolona. A Chikopa ananditsegula zikope n'kundifunsa dzina langa ndi tsiku. Dzina ndinakhoza, tsiku ndinaphonya ndi masiku atatu. Ataimika zala kuti ndiwerenge, ndinawauza chilungamo kuti popanda magalasi zimenezo sindingazithe ngakhale ndili bwinobwino. Apo ndi pamene chishedi chonse chinagwa ndi phwete, mpaka mlonda wa ku Kanjedza anakhala pansi. A Bonifasi, amene ankandikupiza ndi katoni, anawerama n'kundifunsa monong'ona ngati zija ndinanena za mimba zikadali zoona, chifukwa amafuna akawauze akazi awo.

Nditayesa kuimirira ndinamva mphepo kumene siiyenera kufika. Amake Domingo anatulutsa chitenje m'chikwama mwawo n'kundimanga m'chiuno. Chinkanunkhira mlamba wouma, koma sindinali pamalo osankha.

Anandikhazika panja pa benchi ya chigayo. Wina anandigulira firizesi, aja ana amayamwa, kuti ndiike pamlomo, umene n'kuti utatupa ngati mandasi. Amake Domingo anakhala pambali panga. Anadikira kuti anthu abwerere mkati, kenako anandifunsa motsitsa kuti tsono iwo amuuze chiyani mwana wawo.

Ndinayang'ana nkhope yawo, ndipo pafupi choncho ndinkaiona bwino. Iwo sankaseka. Anali atatseka benchi yawo ya nsomba Loweruka, tsiku la malonda, n'kukwera minibasi ziwiri ndi funso limodzi, ndipo funsolo linali likadali m'manja mwawo. Zimenezo zinandipweteka kuposa mlomo. Ndinachotsa firizesi uja n'kuwauza zonse: za kabudula, za thaulo, za chidebe, ndi kuti phewa langa silinavulalepo chibadwire. Anamvetsera mpaka pamapeto. Anati anayamba kukayikira atangolowa pakhomo, koma ankaganiza kuti mwina akatswiri ndi mmene amachitira.

Ndinawauza kuti pamalopo panali munthu mmodzi yekha wodziwa, ndipo ndi uja wa mphuno yophwanyika. Ndinawakodola a Chikopa. Anabwera n'kukhala pa njerwa patsogolo pathu, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ine ndinatseka pakamwa (mlomo unandithandiza).

Kamdala kaja kanalankhula mosakometsera. Anati dzanja lamanja ngati la Domingo, pa zaka zawo zonse, analionapo kamodzi kapena kawiri, ndipo zimenezo munthu sachita kuphunzitsidwa, amabadwa nazo. Koma mpaka pano wakumana ndi anthu amene amalowa mu ring'i atamuopa kale. Sanamenyedwepo chibakera chenicheni, ndiye palibe akudziwa, ngakhale iye mwini, kuti zikadzamuchitikira adzatani. Maraundi akachuluka amayamba kupumira mkamwa, mapazi amapingasana, ndipo dzanja lamanzere lija limagwa ndithu. Wa ku Zambiayo ndi nkhalakale, amadziwa kudikira munthu atope. Za bambo wa suti uja anati iye akufuna thupi lalikulu loti anthu adzaze holo, kaya ligwa kaya liima si nkhawa yake. Zonsezi anali atamuuza kale Domingo, koma mnyamatayo ankaona ngati mdalayo akumutsekera mwayi. A Chikopa ankafunitsitsa kukumana ndi amake Domingo, kungoti anamva kuti mayiwo safuna n'kumva dzina lawo lomwe.

"Mundipatse chaka ndi theka, mayi," anatero. "Ntchito asasiye. Azimenyana ndi a msinkhu wake, tione. Zikakanika ndidzakuuzani ndine ndemwe kuti akwatire, azinyamula shuga wake mwamtendere."

Mayi aja anafunsa chinthu chimodzi chokha: tsiku limene mwana wawo azidzapwetekedwa mu ring'i, akochiwo adzatani? A Chikopa anati thaulo amaponya msanga, moti anthu oonerera amawatukwana nazo, koma ana awo onse amene anawaphunzitsa mpaka lero amadziwa njira ya kwawo.

Domingo n'kuti ataima pakhomo, atazolika, akumva zonse. Anayesa kunena kuti mwayi sudikira munthu. Amake anamuyankha m'Chisena mawu ochepa amene sindinawamve. Kenako Domingo anatembenukira kwa ine, munthu wovala chitenje, woyera ndi gaga kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, n'kundifunsa mwaulemu wonse kuti nanga ineyo ndaona bwanji.

"Mwana wanga, kuona sindinaone kanthu," ndinatero, mawu akutulukira mbali imodzi. "Kumva ndiye ndamva, ndipo theka lakolo landikwanira. Koma wa ku Zambia uja sadzakugwirira padi."

Anaseka, n'kupukuta m'maso ndi nsalu ya m'manja ija. Anati wamva.

Za ulendo wobwerera sindifuna kutalikitsa. Kondakitala wa minibasi ya ku Limbe, pondionera kumbuyo, anati mami sunthani pang'ono. Nditacheuka anapepesa kawiri n'kundisiyira mpando wake. Ku Limbe, posintha minibasi, ndinakumana ndi mkulu wa mpingo wathu, amene anandipatsa moni akuyang'ana kumwamba. Ku Ndirande ndinatsikira siteji yakutali kuti ndidutse njira zachidule, koma kwathu kuno njira zachidule ndi zimene zimakhala ndi anthu ambiri.

Akazi anga ndinawapeza akuanula zovala. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kulowa m'nyumba kukateleka madzi. Anandisambitsa mlomo ndi madzi amchere, anandiphikira phala poti china sindikanatha kutafuna, anachapa chitenje cha eni n'kuchiyanika. Nthawi yonseyo ine n'kumaganiza kuti andimvera chisoni. Nditamaliza phala ananyamula thalauza lija ndi zala ziwiri, n'kulitambasula pa kuwala.

"Ili musoka nokha, kapena tipite nalo kwa telala?"

Domingo ntchito sanasiye, ndipo bambo wa suti uja anapita kukasaka thupi lina. Patapita miyezi iwiri mnyamatayo anabwera pakhonde panga ndi nsalu yofiira kuti ndimusokere kabudula. Ndinamuyeza nditavala magalasi, nditakwera pa situlu. Kuchokera nthawi imeneyo wamenyanapo kangapo m'maholo a mumzinda muno, kupambana kwambiri, kugonja kamodzi pa mapointi, ndipo a Chikopa akuti tsiku logonjalo ndi limene anaphunzira zambiri, chifukwa anamenyedwa ndithu koma sanagwe. Amake saonerera, amakhala kutchalitchi mpaka foni ilire. Anyamata a kabaza akandifunsa ngati Domingo adzafike patali, ndimawauza kuti sindikudziwa. Mawu amenewa ndi achilendo mkamwa mwanga, amathina ngati nsapato yatsopano, koma ndikuyesetsa kuwazolowera.

Ndikanakonda ndikanathera pomwepa ngati munthu wosinthika. Koma dzana madzulo a neba athu anabwera kudzandiuza kuti akuba awavutitsa, ndipo wina ku Machinjiri akugulitsa galu wamkulu. Anati poti ine ndili ndi diso loona mphamvu, ndiwaperekeze ndikawaonere ngati galuyo ndi wolusadi. Akazi anga anatsokomola ali kukhitchini, kawiri konse. Ine ndinangomva pakamwa panga pakufunsa kuti tinyamuka nthawi yanji.

Tikupita Loweruka m'mawa. Mwini wake akuti tikafika tisagogode pageti, tiyambe taimba foni, chifukwa unyolo galuyo anadula mwezi watha.